Lithium carbonate: piritsi lotchipa limene silifuna kusiyana ndi labotale

Mapiritsi a lithium carbonate ndi akalekale, ndi otchipa, ndipo simudzamva kampani ikuwanenerera. Lithium amakumbidwa pansi, monga momwe amachitira ku Bikita m'dziko la Zimbabwe, ndipo palibe kampani imene ingamulembetse kuti ndi wake yekha, choncho palibe amene amayembekeza kulemera naye kudzera m'mapiritsi. Komabe pa mankhwala onse oteteza munthu wodwala bipolar kuti matenda asamabwerebwere, palibe amene ali ndi umboni wochuluka kuposa ameneyu. Maganizo athu tinenerethu: kwa munthu amene angathe kuyezetsa magazi nthawi ndi nthawi ndiponso kupeza mapiritsi mosadukiza, awa ndi mankhwala oyamba kuwaganizira. Kwa munthu amene sangathe zinthu ziwirizi, ndi bwino asawayambe n'komwe.

Bipolar ndi matenda aja amene munthu amatha sabata kapena kuposa osagona koma osatopa, akulankhula mosapumira, akugawa katundu wa m'nyumba, akutenga ngongole zoyambira mabizinesi asanu nthawi imodzi, mwina akudziona kuti ndi mneneri. Nyengo imeneyi madokotala amaitcha mania. Nthawi ina munthu yemweyo amagwa mphwayi kwa miyezi, osafuna kudzuka, osasamba, akuganiza zodzipha. Pakati pa nyengo ziwirizi ambiri amakhala bwinobwino, amalima, amaphunzitsa, amayendetsa banja. Ntchito yeniyeni ya lithium ndi kutalikitsa nthawi ya pakatiyi.

Chimene mumalandira pawindo

Pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO, lithium carbonate alipo wa 300 mg. Ku Britain wofala ndi Priadel wa 200 mg ndi 400 mg, amene amasungunuka pang'onopang'ono m'mimba. Palinso Camcolit wa 250 mg ndi 400 mg, amene amapezeka ku South Africa. Piritsi losungunuka pang'onopang'ono silitafunidwa kapena kuperedwa, mumalimeza ndi madzi. Kusintha kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina kumafuna kuyezanso magazi patatha sabata, chifukwa mitunduyi siilowa m'magazi mofanana ngakhale manambala a pa paketi atayandikana. Wachibale akakutumizirani mapiritsi kuchokera ku Johannesburg pamene inu mumamwa a mtundu wina, aonetseni kaye kwa dokotala.

Vuto la mankhwalawa, lomwe nkhani yonseyi yatsamirapo, ndi lakuti mlingo wochiza ndi mlingo wopweteka ndi oyandikana kwambiri. M'magazi amafunika akhale pakati pa 0.6 ndi 0.8 mmol/L (muyezo umene labotale imalemba) kwa anthu ambiri. Akafika 1.5 munthu amayamba kudwala poizoni wake, akapitirira 2.0 moyo uli pachiswe. Panado mutha kumwa mapiritsi awiri m'malo mwa limodzi osamva kanthu. Lithium akangowirikiza kawiri m'magazi, mwalowa kale m'mavuto.

Anthu amene anawabweretsa

Dzina limene limatchulidwa kawirikawiri ndi la John Cade, dokotala wa matenda a maganizo pa chipatala cha asilikali opuma ku Bundoora, kufupi ndi Melbourne m'dziko la Australia. Iye ankaganiza kuti mania imayamba ndi poizoni wina amene thupi limapanga lokha, ndiye ankabaya mbira ndi mkodzo wa odwala kuti aone. Pofuna kusungunula uric acid, chinthu chimene chimapezeka mu mkodzo, anagwiritsa ntchito lithium, n'kuona mbira zija zikufatsa. Ambiri lero amakhulupirira kuti mbirazo zinkangodwala. Ngakhale zinali choncho, Cade anayamba walawa yekha mankhwalawo, kenako anapatsa odwala mania 10, ndipo zotsatira anazisindikiza mu 1949 mu Medical Journal of Australia. Wodwala wake woyamba, amene anakhala zaka ali m'wodi, anachira n'kupita kwawo. Mu 1950 wodwala yemweyo anamwalira ndi poizoni wa lithium. Mu 1949 momwemo ku America anthu odwala mtima amene ankathira lithium chloride m'ndiwo m'malo mwa mchere anadwala, ena anafa. Mbiri ya mankhwalawa inaipa isanayambe n'komwe kumveka.

Amene anawawombola ndi Mogens Schou wa ku Denmark, amene anabadwa mu 1918 n'kumwalira mu 2005. Ankagwira ntchito pa chipatala cha Risskov kufupi ndi Aarhus. Mu 1954 iye ndi anzake anatulutsa kafukufuku wa odwala mania 38. Pa gawo lina la kafukufukuyo ankaponya khobidi m'mwamba kuti asankhe ngati wodwala alandire lithium kapena mapiritsi ofanana nawo koma opanda mankhwala, ndipo wodwala ngakhale omuyang'anira m'wodi sankadziwa kuti akumwa ati. Lero njira imeneyi ndi yachizolowezi, koma panthawiyo pa matenda a maganizo inali yachilendo.

Chachikulu chinabwera pambuyo pake. Dokotala wina wa ku Glostrup, Poul Christian Baastrup, anaona kuti odwala amene anapitiriza kumwa lithium atachira sankabwereranso m'wodi kawirikawiri. G. P. Hartigan ku England anaonanso zomwezo. Mu 1967 Baastrup ndi Schou anasindikiza zimene anaona pa odwala 88, akuyerekeza kuchuluka kwa matenda asanayambe lithium ndi atayamba. Mu 1968 Barry Blackwell ndi Michael Shepherd a ku London anawatsutsa m'magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet, akufunsa ngati iyi siinali nthano chabe. Mfundo yawo inali yomveka: matenda obwera n'kupita okha amatha kupusitsa dokotala, ndipo panalibe gulu lina loyerekezera nalo. Kunkamvekanso zoti Schou sangaweruze bwino nkhaniyi chifukwa mchimwene wake weniweni, amene ankadwala kukhumudwa kobwerezabwereza, anapeza bwino ndi lithium.

Ife tikuona kuti otsutsawo ankalondola pa njira ya kafukufuku, ndipo anathandiza pokakamiza kuti ntchito ichitike bwino. Schou ankazengereza chifukwa kulanda mankhwala munthu amene ali bwino kungathe kumupangitsa kudzipha. Anakonza kafukufuku woti aime msanga yankho likangooneka, ndipo aliyense wodwalanso abwezeretsedwe pa lithium nthawi yomweyo. Zotsatira zinatuluka mu The Lancet mu 1970: pa odwala 84 amene ankamwa kale lithium, pafupifupi theka anasinthidwa mosadziwa kupita pa mapiritsi opanda mankhwala. M'miyezi isanu yokha, 21 mwa osinthidwawo anadwalanso, pamene mwa opitiriza lithium sanadwale ndi mmodzi yemwe. Chaka chomwecho America inavomereza lithium pochiza mania, ndipo mu 1987 Schou analandira mphoto ya Lasker.

Manambala amenewa muwawerenge mosamala. Zinadziwika pambuyo pake kuti kusiya lithium mwadzidzidzi pakokha kumadzutsa matenda, choncho kafukufuku wa 1970 anakokomeza kusiyana kwa magulu awiriwo. Chithunzi chapafupi ndi moyo weniweni chinachokera ku kafukufuku wotchedwa BALANCE, wotsogoleredwa ndi John Geddes wa ku Oxford, amene anatuluka mu 2010. Odwala 330 anatsatiridwa kwa zaka ziwiri. Mwa omwa valproate yekha, amene ndi mankhwala ena a bipolar ndi khunyu, 69 pa 100 alionse anadwalanso. Mwa omwa lithium yekha anali 59, ndipo mwa omwa onse awiri anali 54. Lithium anapambana, inde, koma onani kuti oposa theka anadwalanso ndithu. Amene matenda awo amatheratu kwa zaka zambiri ndi pafupifupi mmodzi mwa atatu. Kawirikawiri amakhala aja amene mania ndi kukhumudwa kwawo zimabwera moonekeratu, pakati pake n'kumachira kwathunthu, makamaka ngati wachibale wina lithium anamuyanja. Ubwino wina umene mankhwala anzake alibe umboni wofanana nawo ndi wochepetsa kudzipha, zimene Andrea Cipriani ndi anzake anaonetsa mu 2013 ataphatikiza akafukufuku ambiri.

Mphatso ina ya ku Risskov, imene kwa ife ndi yofunika mofanana ndi piritsi lenilenilo, ndi lamulo la maola 12. Edward Trautner ku Melbourne anali atayamba kale kuyeza lithium m'magazi cha m'ma 1951, koma mnzake wa Schou, Amdi Amdisen, ndi amene anakhazikitsa zoti magazi azitengedwa patatha maola 12 chimwereni piritsi lomaliza. Manambala onse a 0.6 kapena 0.8 amene timatchula amatanthauza magazi otengedwa pa nthawi imeneyo basi.

Kayambidwe kake

Piritsi loyamba lisanamwedwe pamafunika kuyeza impso kudzera mu creatinine, kuyeza chithokomiro kudzera mu TSH, kuyeza calcium, kukwera sikelo, ndi kuyeza mimba kwa mayi aliyense wa msinkhu wobereka. Amene ali ndi vuto la mtima ajambulidwe ECG. Wamkulu wathanzi amayamba ndi 400 mg usiku, kapena 300 mg kawiri pa tsiku. Okalamba ndi ochepa thupi amayamba ndi 200 mg. Patatha masiku 5 mpaka 7 magazi ayezedwe, chifukwa lithium amatenga masiku otere kuti akhazikike m'thupi. Kuyeza tsiku lachiwiri n'kutaya ndalama.

Ubwino wake, masamu ake ndi osavuta ngati impso zili bwino: mlingo ukawirikiza kawiri, wa m'magazi amawirikizanso pafupifupi kawiri. Munthu womwa 400 mg akapezeka ndi 0.35, ndiye kuti 800 mg idzamufikitsa cha pa 0.7. Ambiri amakhazikika pakati pa 600 mg ndi 1200 mg pa tsiku, okalamba pansi pa apo, ndipo kwa iwo 0.4 mpaka 0.6 nthawi zambiri amakwana. Amene adwalanso ali pa 0.7 angakwezedwe kufika pakati pa 0.8 ndi 1.0. Kuyeza kumachitika sabata iliyonse mpaka nambala itakhazikika, kenako miyezi itatu iliyonse m'chaka choyamba, kenako miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ngati zonse zili bwino. Impso, chithokomiro ndi calcium ziyezedwe kawiri pa chaka.

Pa mania yoyaka moto lithium yekha amachedwa, amatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti agwire. N'chifukwa chake m'wodi amayamba ndi haloperidol, olanzapine kapena ena otere, lithium n'kumabwera pambuyo ngati mlonda. Achibale amene amadandaula tsiku lachitatu kuti mankhwala sakugwira auzidwe zimenezi poyamba pomwe.

Pamene kuyeza kumalakwikira

Lamulo la maola 12 limaoneka losavuta mpaka mutaliika m'minibasi. Wodwala wamwa piritsi 7 koloko madzulo atangodya nsima, wanyamuka m'mawa, wadikira pamzere, magazi atengedwa 1 koloko masana. Apa padutsa maola 18 ndipo nambala ituluka yotsika kuposa mmene zilili. Dokotala akapanda kufunsa nthawi, akweza mlingo kwa munthu amene anali kale pabwino. Mwina wodwala womwa kawiri pa tsiku wameza piritsi la m'mawa asananyamuke, nambala ituluka yokwera, mlingo utsitsidwa, matenda n'kuyambiranso. Njira yake: piritsi la m'mawa linyamulidwe m'thumba n'kumwedwa magazi atatengedwa, ndipo nthawi yomwera usiku isankhidwe poganizira nthawi imene munthuyo amafikadi ku labotale. Wofika 10 koloko m'mawa azimwa 9 kapena 10 koloko usiku masiku onse. Kusiyana kwa ola limodzi kapena awiri sikusokoneza kwambiri. Pa fomu palembedwe nthawi imene piritsi linamwedwa ndi nthawi imene magazi atengedwa.

Cholakwika china chimachitika ndi kabotolo kotengera magazi. Timabotolo tina, kawirikawiri ta chivindikiro chobiriwira, timakhala ndi lithium heparin woletsa magazi kuundana. Magazi akathiridwa mmenemo makina amawerenga lithium wa m'botolo pamodzi ndi wa m'thupi, ndipo munthu woyenda bwinobwino amaoneka ngati ali pafupi kufa. Nambala ikakwera modabwitsa koma wodwala alibe chizindikiro chilichonse, piritsi lotsatira lidikire, magazi atengedwenso tsiku lomwelo m'kabotolo kopanda mankhwalawo.

Madzi, mchere ndi kutentha

Kuti mumvetse ngozi za lithium, mvetsani chinthu chimodzi ichi. Thupi silimuphwanya, amatuluka momwe analowera kudzera mu mkodzo, ndipo impso zimamuona ngati mchere wamba. Pa lithium amene impso zasefa, pafupifupi magawo 80 pa 100 zimamubwezanso m'magazi pamodzi ndi sodium wa mu mchere. Thupi likasowa madzi kapena mchere, impso zimaumira sodium, ndipo poumira sodium zimaumiranso lithium. Mlingo womwewo umene munthu wamwa bwinobwino kwa zaka zisanu umasanduka poizoni m'masiku atatu a kutsegula m'mimba.

Kwathu kuno zinthu zoumitsa thupi n'zambiri: malungo, kutsegula m'mimba kwa nthawi ya dzinja, kolera, kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala makamaka ku chigwa cha Shire ndi kunyanja, kugwira khasu tsiku lonse padzuwa, kusala kudya ndi kumwa pa mapemphero a kuphiri kapena m'mwezi wa Ramadan. Amene akusanza, kutsegula m'mimba kapena kutentha thupi kwambiri aimitse kaye lithium tsiku limenelo, amwe Thanzi ORS, apite kuchipatala, ndipo anene yekha kuti amamwa lithium asanalembedwe mankhwala aliwonse. Kuimitsa kwa tsiku limodzi kapena awiri pa chifukwa chotere n'kosiyana ndi kusiyiratu. Wofuna kusala akambirane ndi dokotala nthawi isanafike. Mchere wa m'ndiwo ukhale momwe umakhalira masiku onse. Munthu akauzidwa ku kiliniki ya BP kuti achepetse mchere, magazi ayezedwenso patatha sabata chisinthireni. Soda womwera kutentha kwa pamtima amachita zosiyana, amatulutsa lithium msanga, ndipo khofi wambiri amateronso.

Mankhwala a tsiku ndi tsiku ndiwo amapweteketsa ambiri. Bulufeni, diclofenac ndi indosidi, amene anthu amangogula pa golosale msana ukawawa, amachepetsa kutuluka kwa lithium. Womwa lithium ululu wake athetse ndi panado. Hydrochlorothiazide, amene ndi woyamba kuperekedwa kwa odwala BP m'zipatala zambiri za m'Malawi, amakweza lithium ndi magawo 25 mpaka 40 pa 100. Enalapril, captopril ndi losartan, amenenso ndi a BP, amakwezanso, nthawi zina patatha milungu ingapo aliyense ataiwala. Amlodipine alibe vuto limeneli, ndipo ndi amene amasankhidwa kawirikawiri. Metronidazole, uja ambiri amati flagyl, nayenso amafuna kusamala. Kwa omwa ma ARV a TLD, tenofovir amene ali mmenemo amatha kufooketsa impso mwa anthu ena. Izi siziletsa lithium, koma creatinine ayenera kuyezedwa pafupipafupi kuposa kawiri pa chaka, ndipo a kiliniki ya ma ARV adziwe.

Kuzindikira poizoni

Kunjenjemera pang'ono kwa zala, kumene kumaoneka munthu akamanyamula kapu ya tiyi, n'kofala ndipo si ngozi. Ngozi ndi kunjenjemera kwakukulu kwa manja onse, kudzandira poyenda, lilime kulemera polankhula, kusanza ndi kutsegula m'mimba, tulo tosatha, kusokonezeka, minofu kudumphadumpha, kenako kuphupha ndi kukomoka. Munthu amaoneka ngati waledzera, ndipo apa m'pamene mabanja amataya tsiku lathunthu akumukalipira kuti wayambiranso mowa, kapena akuganiza kuti matenda aja abwerera n'kumuwonjezera mapiritsi. Gadiyani aliyense aphunzitsidwe kuti womwa lithium akamayenda ngati woledzera, ulendo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo.

Kuchipatala lithium amaimitsidwa, magazi amayezedwa lithium, creatinine ndi sodium, ndipo wodwala amaikidwa dilipi ya madzi a mchere. Kuyeza kumabwerezedwa pakatha maola 6 aliwonse. Makala aja operekedwa kwa omwa poizoni sagwira lithium, ndipo mankhwala okodzetsa amangoipitsa zinthu. Wodwala akakomoka, akaphupha, mtima ukasokonezeka, kapena nambala ikapitirira 4.0 impso zili zofooka, pamafunika makina osefa magazi a dialysis, amene ku Malawi amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Dziwaninso kuti mwa munthu amene wamwa lithium kwa nthawi yaitali, ubongo umachedwa kumutulutsa kuposa magazi. Akhoza kudwala kwambiri nambala ili 1.6 yokha, ndipo akachedwa kuthandizidwa kudzandira kumatha kukhala kwa moyo wonse. Dokotala achize munthuyo, asachize pepala. Pa nyumba imene wodwala akuganiza zodzipha, mapiritsi asungidwe ndi gadiyani ndipo aperekedwe ochepa ochepa.

Zovuta za tsiku ndi tsiku

Ludzu ndi kukodza pafupipafupi ndiye dandaulo lalikulu. Lithium amalepheretsa impso kusunga madzi, ndipo ena amakodza malita oposa atatu pa tsiku. Shuga ayezedwe kaye chifukwa zizindikiro n'zofanana. Kumwa mlingo wonse kamodzi usiku ndi kusunga nambala pansi pang'ono kumathandiza ambiri, ndipo zikakanika pali mankhwala otchedwa amiloride. Cholakwa chachikulu ndi kudzimana madzi pofuna kuchepetsa kukodza. Cholakwa chachiwiri ndi kuthetsa ludzulo ndi zakumwa zotsekemera, chifukwa kunenepa kumene anthu amadandaula nako mbali ina kumachokera pamenepo. Kunjenjemera kwa zala kukamasokoneza ntchito, monga kwa telala kapena mphunzitsi wolemba pa bolodi, propranolol wa 20 mpaka 40 mg kawiri pa tsiku amathandiza, kupatula kwa odwala mphumu. Mseru wa masiku oyamba umachepa piritsi likamwedwa munthu atadya. Ziphuphu zimatha kuchuluka.

Chithokomiro chimafooka mwa anthu ena, makamaka amayi. Munthu amagwa ulesi, amazizidwa, amanenepa, amadzimbidwa, khungu limauma. Zonsezi zimafanana ndi kukhumudwa, ndipo popanda kuyeza TSH wodwala amatha kupatsidwa mankhwala a kukhumudwa amene angadzutse mania. Chithandizo chake ndi kuwonjezera levothyroxine, lithium n'kupitiriza. Calcium amathanso kukwera mwakachetechete patapita zaka. Impso ndiye nkhawa ya nthawi yaitali: mwa ambiri zimangofooka pang'ono, mwa ochepa zimafooka kwambiri patatha zaka makumi, ndipo ngozi imakula kwa amene anadwalapo poizoni kangapo kapena anasungidwa pa nambala yokwera. Chofunika si creatinine wa tsiku limodzi koma mmene akuyendera chaka ndi chaka. eGFR, nambala yosonyeza mphamvu ya impso posefa magazi, ikatsika pansi pa 60 n'kumapitirira kutsika, nthawi yokambirana zosintha yakwana.

Amayi a msinkhu wobereka

Schou yemweyo anathandiza kuyambitsa kaundula wa ana obadwa kwa amayi omwa lithium mu 1968. Kaundulayo anaonetsa ngati kuti vuto la mtima lotchedwa Ebstein ndi lochuluka zedi, koma anthu ankakonda kunena za ana olumala okha, choncho ngoziyo inakokomezeka. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa mu 2017 anapeza ana a vuto la mtima 2.4 pa 100 mwa amayi omwa lithium miyezi itatu yoyamba, poyerekeza ndi 1.15 mwa osamwa, ndipo ngozi inali yaikulu pa mlingo woposa 900 mg pa tsiku. Ngozi ilipo, koma yerekezani ndi valproate, amene amalumalitsa pafupifupi mwana mmodzi mwa 10, ndipo ana 30 mpaka 40 pa 100 amakula ndi vuto la kuphunzira kapena kulankhula. Kupatsa mtsikana wa zaka 19 valproate chifukwa choti safuna labotale n'kusankha mankhwala pofuna kupeputsa ntchito ya chipatala osati ya wodwala. Mayi womwa lithium akazindikira kuti ali woyembekezera asasiye yekha, akaonane ndi dokotala sabata yomweyo. Akapitiriza, magazi ayezedwe mwezi uliwonse, kenako sabata iliyonse kuyambira sabata ya 36, chifukwa impso zimasefa mwachangu pa mimba n'kubwerera mwakale mwadzidzidzi akangochira. Achirire pa chipatala chachikulu. Lithium amalowa mu mkaka wa m'mawere, choncho nkhani yoyamwitsa ikambidwe mimba isanakule.

Poyerekeza ndi anzake

Carbamazepine ndi wofala kwathu chifukwa amachizanso khunyu, koma amafooketsa dolutegravir wa mu TLD, mapiritsi olera ndi njira yolera ya pamkono. Olanzapine ndi quetiapine amagwira msanga ndipo safuna kuyeza kwa maola 12, koma amanenepetsa kwambiri ndipo amatha kuyambitsa shuga. Valproate tamunena kale. Malangizo a WHO a mhGAP, olembedwera zipatala zopanda akatswiri, amanena kuti lithium aganiziridwe pokhapokha pali njira yoyezera magazi ndi kutsatira wodwala, ndipo ife tikugwirizana nawo. Chiganizo choyamba lithium chichokere kwa akatswiri a matenda a maganizo, monga a ku Zomba Mental Hospital, St John of God kapena Chainama Hills ku Lusaka. Musanavomere funsani mafunso atatu: magazi ndizikayezetsa kuti, zotsatira zimatuluka patatha masiku angati, nanga mapiritsi akatha pano ndikawapeza kuti. Zotsatira zobwera patatha milungu itatu sizingapulumutse munthu amene akudzandira lero.

Ku Britain womwa lithium amapatsidwa kabuku kofiirira kolembamo mtundu wa piritsi, mlingo, nambala ya m'magazi ndi tsiku loyezanso. Buku lathu la kuchipatala lingagwire ntchito yomweyo ngati tsamba limodzi lapatulidwira zimenezi, ndi mawu akuti LITHIUM olembedwa m'zilembo zazikulu pachikuto kuti wolemba bulufeni kapena hydrochlorothiazide awaone asanagwire cholembera.

Woiwala kumwa asawirikize mlingo wotsatira, angopitiriza pa nthawi yake. Kusiya kwenikweni ndi nkhani ina. Munthu amene wakhala bwino zaka ziwiri amayamba kudzifunsa ngati ankadwaladi, mwina wapemphereredwa, mwina mapiritsi angotha mwezi umenewo. Kusiya mwadzidzidzi kumadzutsa mania mwa anthu ambiri m'miyezi yochepa yoyamba, ndipo ngozi yodzipha imakwera pa nthawi yomweyo. N'chifukwa chake kuyamba lithium kwa miyezi itatu n'kumusiya kumatha kuipa kuposa kusamuyamba. Ngati pali chifukwa chomveka chosiyira, mlingo utsitsidwe pang'onopang'ono kwa milungu yosachepera inayi, makamaka miyezi itatu, mwachitsanzo kuchotsa 200 mg pakatha milungu iwiri kapena itatu iliyonse, mankhwala olowa m'malo atayambidwa kale. Pa nthawi imeneyo a pabanja ayang'anire tulo: munthu akagona maola atatu okha usiku uwiri wotsatizana n'kudzuka ali ndi mphamvu, apite naye ku kiliniki asanadikire tsiku lolembedwa m'buku.